Thanzi ndi chiphaso choulutsira ndege: mayankho kwa achinyamata a kwa Maganga

Mwana wokulira kwa Maganga sachita kuuzidwa kuti ndege n'chiyani. Ku Senga Bay kuli asilikali odumpha ndi parachuti, ku Salima kuli sukulu ya asilikali ya MAFCO ndi kabwalo ka ndege, ndiye chilakolako chodzauluka chimamera msanga. Wachinyamata akafunsa njira yake, akuluakulu amamuuza za masamu, Chingerezi ndi ndalama. Za dokotala amatchula ndi ochepa, chonsecho munthu atha kukhala nazo zitatu zonsezo n'kubwezedwa ndi dontho la magazi mumkodzo. Ganizo la nkhani ino ndi limodzi: pa za ndege, matenda odziwika, olembedwa ndi olamulirika ndi nkhani yaing'ono kusiyana ndi matenda amene mwini wake sakuwadziwa kapena wawabisa.

Chiphaso cha dokotalachi n'chiyani, ndipo amapereka ndani?

Malawi ali m'bungwe la mayiko loona za ndege la ICAO, lomwe maziko ake ndi pangano la ku Chicago la 1944. Mfundo za ziphaso zili m'gawo lotchedwa Annex 1, ndipo zimagawa kuyezedwa kwa thupi patatu. Class 1 ndi ya amene kuulutsa ndege ndi ntchito yolipidwa, monga a ku Malawi Airlines. Class 3 ndi ya amene amakhala pansanja kuwongolera ndege ponyamuka ndi potera. Class 2 ndi ya woulutsa payekha, wa layisensi ya PPL, amene angathe kunyamula abale ndi abwenzi koma saloledwa kulipiritsa. Layisensi imeneyi imafuna zaka 17 zakubadwa ndi maola osachepera 40 m'mwamba, koma wophunzira sangasiyidwe yekha m'ndege, mlangizi atatsika, asanakhale ndi Class 2.

Kuno kwathu zonsezi zili m'manja mwa Malawi Civil Aviation Authority, bungwe lomwe linadza ndi lamulo la Civil Aviation Act la 2017. Si dokotala aliyense angasaine. Kalata ya kuchipatala ija timanyamula pokayamba ntchito siigwira pano. Woyezayo ayenera kukhala wosankhidwa ndi bungwe la ndege, wophunzira mmene thupi limachitira m'mwamba. Mwa muyeso wa ICAO, Class 2 imatha pakapita miyezi 60 kwa wosafika zaka 40, ndi miyezi 24 kwa amene wapitirira, ndipo dziko lili ndi ufulu wofupikitsa nthawiyi. Amalawi ambiri amakaphunzira ku South Africa, kumene kuli madokotala akeake osankhidwa ndi bungwe la kumeneko, choncho muziyamba mwadziwa dziko limene lidzakupatseni layisensi. Ngati PPL kwa inu ndi khwerero chabe lopita ku ntchito yolipidwa, yezetsani Class 1 kuyambira pachiyambi, chifukwa pali zina zimene Class 2 imalola koma Class 1 imakana.

Ndiye kuti dokotalayo akufuna munthu wopanda matenda alionse?

Munthu wotero kulibe, ndipo malamulo samuyembekezera. Chimene dokotala wa ndege akufunsa n'chakuti: kodi vuto ili lingamugwetse munthuyu mwadzidzidzi, kapena kumufooketsa nzeru pang'onopang'ono iye osazindikira? Msodzi wa chilimira akagwidwa chizungulire usiku kuseri kwa chilumba cha Namalenje, anzake amamugoneka m'boti, wina n'kugwira chingwe, ndipo boti limayandamabe ngakhale injini itazima. Woulutsa Cessna 172, kandege ka mipando inayi komwe ambiri amaphunzirirapo, alibe womulandira, alibenso poima kuti apume. Ichi n'chifukwa chake kamwala kakang'ono ka mu impso, kamene sikapha munthu koma kamamupinda ndi ululu mosachenjeza, kamadetsa nkhawa dokotala wa ndege kuposa mwendo wopunduka umene mwini wake wakhala nawo chibadwire.

Palinso nkhani ya mpweya. Nyanja ya Malawi ili pafupifupi mamita 470 pamwamba pa nyanja zamchere, bwalo la Kamuzu International lili pa mamita opitirira 1,200, ndipo tindege tating'ono timakwera mpaka mamita 3,000 popanda makina opanikizira mpweya m'kati. Pamenepo mphamvu ya mpweya yatsala magawo 7 mwa 10. Thupi labwino limapirira. Thupi la magazi ochepa, la mapapo ofooka kapena la mtima wotopa limayamba kuperewera, ndipo choipa chake n'chakuti ubongo wosowa mpweya sudandaula. Munthu amangoona ngati zonse zili bwino uku akulakwitsa. Mankhwala nawo amawerengedwa. Piriton amene timagula pa okala tikamva chimfine amagonetsa, ndipo kwa woulutsa ndege mbewu imodziyo ndi chifukwa chokwanira chokhalira pansi tsikulo.

Koma Annex 1 yomweyo ili ndi ndime yolola kufewetsa. Munthu akapanda kufika pa muyeso wina, akatswiri atha kumupatsabe chiphaso ngati umboni ukuonetsa kuti vutolo silingaike ulendo pachiswe, poganiziranso luso lake ndi malire amene angamuikire, monga kuuluka masana okha kapena kuuluka ndi woulutsa mnzake. Mawu ofunika apo ndi umboni. Kufewetsako kumagwira ntchito kwa amene ali ndi zolemba zoonetsa.

Kuno kunyanja likodzo ndi malungo tinakula nazo. Kodi zimenezi sizititsekera khomo tonse?

Ayi, koma ndi pamene mwana wa m'mphepete mwa nyanja angapunthwe mosayembekezera. Kuyeza mkodzo ndi gawo la kuyezedwa kulikonse kwa ndege. Namwino amaviika kapepala kamizeremizere m'kabotolo, ndipo kakasintha mtundu pa mzere wa magazi, dokotala saloledwa kungodumphapo. Ayenera kufufuza gwero lake. Kwa wosambira ndi kuchapa m'madzi a ku Lifuwu kapena ku Nguwo kuyambira ali wamng'ono, gwerolo kawirikawiri ndi likodzo, matenda amene ena m'midzi amangowatenga ngati chizindikiro choti mnyamata wakula. Mankhwala ake, praziquantel, ndi omwe aja amagawidwa m'sukulu. Amamwedwa tsiku limodzi, amatha kubweretsa chizungulire kwakanthawi, ndiye munthu sauluka tsiku limenelo, basi. Likodzo lochizidwa silimanitsa chiphaso. Likodzo losiyidwa zaka zambiri ndilo limawononga chikhodzodzo ndi impso, ndipo impso zowonongeka ndi nkhani ina yovuta kuibweza. Taganizaninso za mtengo wake: kukapezeka ndi magazi mumkodzo muli ku Johannesburg, kwa dokotala amene likodzo saliona kawirikawiri, ndiye kuti masikani ndi akatswiri olipira ndi ma rand, pomwe nkhaniyo ikanatha kwaulere pachipatala cha Salima.

Malungo wamba ndi matenda odutsa. Munthu amamwa LA masiku atatu, amapuma mpaka mphamvu zitabwerera, n'kubwerera m'ndege. Chofunika kusamala ndi mankhwala opewera malungo otchedwa mefloquine, amene mabungwe ambiri a ndege amawaletsa chifukwa amasokoneza tulo, maganizo ndi kuima bwino kwa thupi. Chotsalira cha malungo obwerezabwereza ndi likodzo, kuchepa kwa magazi, chimaoneka poyeza ndipo chimachizika. Za sickle cell, malamulo amasiyanitsa: wongonyamula chibadwacho koma osadwala nthawi zambiri amaloledwa, pamene matenda enieniwo sagwirizana ndi mpweya wochepa wa m'mwamba.

Nanga amene anakomokapo ali mwana?

Apa ndi pamene malamulo amauma, ndipo ndikuona kuti amauma moyenera. Khunyu lotsimikizika limatseka khomo pa Class 1 ndi Class 2 pomwe. Kugwa sikuchenjeza, kumachotsa munthu yense kwa mphindi zingapo, ndipo zimene zimakuputa, monga kusagona, kutopa, ngakhale kuthwanima kwa dzuwa kudzera m'pulopela yozungulira ya kutsogolo kwa ndege, ndi zinthu za masiku onse pa ntchitoyi. Mankhwala a khunyu sathetsa nkhani, popeza ambiri amalemeretsa mutu ndipo tsiku limodzi loiwala kumwa ndi lokwanira. Ku Ulaya kuli kampata kakang'ono kwa amene watha zaka 10 osagwa komanso osamwa mankhwala, koma pasapezeke wosiya mankhwala ake chifukwa chofuna kampata kameneka.

Vuto la kwathu ndi lakuti mawu oti kukomoka amanyamula zinthu zosiyana. Mwana wa zaka ziwiri amene anagwidwa njirinjiri thupi litatentha kwambiri, n'kusabwerezanso, alibe khunyu, ndipo kawirikawiri zimenezo sizimulepheretsa. Malungo a m'ubongo ali pakati. Kafukufuku wa ana a pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, amene anasindikizidwa mu 2010, anatsata ana 132 opulumuka ku malungo amenewa ndipo 12 anadzapezeka ndi khunyu, pamene mwa ana 264 owayerekeza nawo panalibe ndi mmodzi yemwe. Chiwerengerochi chimanena zinthu ziwiri: ngozi ilipodi, komanso ambiri sanakhudzidwe. Dokotala wa ndege ayenera kudziwa kuti inu muli mbali iti, ndipo sangadziwe kuchokera ku mawu oti "amayi amati ndinadwalapo kwambiri". Chomwe chingakuyankhulireni ndi kabuku ka kuchipatala kaja, kothimbirira ndi utsi, kamene mayi anakasunga m'pulasitiki pansi pa sutikesi, kolembedwa tsiku, kutentha kwa thupi ndi mankhwala amene anaperekedwa. Pabanja pamene kugwa kunatengedwa ngati nkhani ya mizimu, mwana n'kupita naye kwa asing'anga okha, umboni umenewo palibe, ndipo posowa umboni dokotala amasankha mbali yotetezeka, yomwe ndi kukana.

Kodi amene ali ndi kachilombo ka HIV angaulutse ndege?

Angathe. Kale yankho linali ayi wosakambirana, chifukwa mantha anali akuti kachilombo kamafika ku ubongo mwakachetechete. Mankhwala atasintha zinthu, malamulo anatsatira, ngakhale mochedwa. Muyeso wa ICAO lero umati wopezeka ndi kachilombo atha kuvomerezedwa ngati wafufuzidwa mokwanira n'kuoneka kuti sizingasokoneze kuulutsa kwake. Ku South Africa, khoti lalikulu la malamulo a dziko linagamula mu 2000 kuti South African Airways inalakwira Jacques Hoffmann pomukana ntchito yothandiza apaulendo m'ndege chifukwa cha kachilombo kokha. Ku Britain, James Bushe analimbana ndi lamulo lomwe linkamuletsa kuphunzira, ndipo mu 2020 anayamba kuulutsa ndege za Loganair.

Nkhaniyi ndi yaikulu kwa ife, popeza kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti 8.9 peresenti ya akuluakulu m'Malawi ali ndi kachilombo, ndipo ena mwa achinyamata amene akulota za ndege lero anabadwa nako. Dokotala adzafuna kuona kuti tizilombo m'magazi tatsika mpaka posaoneka, chitetezo chili bwino, nzeru zikugwira ntchito bwino, ndiponso ma ARV sakubweretsa zovuta. Apa dziko lathu linathandizika mosadziwa: efavirenz, amene ankabweretsa chizungulire ndi maloto oopsa kwa ambiri, anayamba kusinthidwa ndi dolutegravir kuyambira 2019. Wachinyamata amene wakhala akulandira mankhwala mokhulupirika ali ndi chinthu chimene anzake ambiri alibe, mbiri ya zaka zambiri yoyezedwa ndi kulembedwa. Chifuwa chachikulu chimayenda chimodzimodzi: chikadali m'thupi munthu sauluka, akachira mapapo n'kukhala bwino khomo limatseguka.

Ndimavala magalasi. Basi zanga zada?

Ayi ndithu. Class 2 imafuna 6/12 pa diso lililonse ndi 6/9 pa maso onse awiri, mutavala magalasi kapena ayi. Chachikulu muzikhala ndi ena apadera pafupi. Makutu amayezedwa ndi mawu wamba pa mtunda wa mamita 2 mutafulatira woyezayo. Chimene chimadzidzimutsa ambiri ndi buku la Ishihara, la timadontho tamitundumitundu tobisa manambala, chifukwa munthu atha kufika zaka 20 osadziwa kuti chofiira ndi chobiriwira zimamusokoneza. Ndege ili ndi nyali yofiira kuphiko lamanzere ndi yobiriwira kulamanja, ndipo wailesi ikafa, apansanja amalankhula ndi nyali zamitundu. Wolephera atha kupatsidwa Class 2 ya masana okha, koma ya ntchito yolipidwa imavuta. Maso mungayezetse ku Lions Sight First pa Kamuzu Central kapena ku Nkhoma.

Ena amati kuyezaku n'kungovutitsa anthu, popeza ngozi zambiri sizichitika chifukwa cha matenda. Sakunena zoona?

Akunena zoona pa mfundo yoyamba. Ngozi zambiri za tindege tating'ono zimachokera ku nyengo yoipa, mafuta kutha ndi maganizo olakwika a woulutsa; zobwera chifukwa chakuti wadwala mwadzidzidzi ndi zochepa kwambiri. Mayiko ena afewetsadi. Britain inalola mu 2016 kuti oulutsa payekha ambiri azingolumbira okha za thanzi lawo, ndipo America inayambitsa BasicMed mu 2017, yolola kuyezedwa ndi dokotala wamba miyezi 48 iliyonse. Wina angafunse kuti ngati eni ndege zambirimbiri akufewetsa, ife tikuumiriranji.

Yankho lili pa chimene kulumbira wekha kumafuna: munthu wodziwa thupi lake. BasicMed yomweyo imafuna kuti munthu akhale atapatsidwapo kale chiphaso cha dokotala wa ndege, ndipo imayenda pakati pa anthu amene BP yawo inayezedwapo kambirimbiri. Kwathu, kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, 5.6 peresenti anali ndi shuga, ndipo ochuluka mwa a BP aja sankadziwa n'komwe. Munthu wotero akalumbira kuti ali bwino sakunama, koma akulakwitsa. Kwa wachinyamata wa kwa Maganga, kuyezedwa kwa ndege kutha kukhala koyamba m'moyo kumuona thupi lonse asakudwala. Ndipo zotsatira zake si chilango. BP yotsitsidwa ndi mankhwala ovomerezeka imalola munthu kuuluka. Shuga wolamulirika ndi zakudya kapena ndi mapiritsi ena amaloledwa. Wa jakisoni wa insulin ndiye muyeso wa ICAO umamukana, poopa kuti shuga angatsike mwadzidzidzi, ngakhale America inayamba kulola oulutsa payekha otere mu 1996 ndi a ntchito yolipidwa mu 2019, ndipo Britain inatero mu 2012, onse podalira kuyeza shuga asananyamuke ndiponso ali m'mwamba. Ena amati woulutsa payekha amangoika moyo wake wokha pachiswe. Koma mipando itatu yotsala ya mu Cessna ija imakhala ndi anthu, ndipo pansi pa njira yake pali midzi.

Koma ukanena zoona amakukana. Si bwino kungokhala chete?

Funso ili ndi lolemera kuposa onse, chifukwa lili ndi choonadi m'kati mwake. Fomu ya dokotala imadalira kwambiri zimene mwini wake wanena; makina sangaone kuti munakomokapo chaka chatha kapena kuti mwatha miyezi itatu osagona ndi maganizo. Ndiye wonena zoona amachedwetsedwa ndi kulipira akatswiri, wobisa n'kudutsa tsiku lomwelo. Dongosolo limene limalanga kuona mtima limaphunzitsa anthu kubisa, ndipo a ndege eni ake akudziwa. Pa 24 March 2015, ndege ya Germanwings inagwetsedwa dala m'mapiri a ku France ndi wothandizira woyendetsa, Andreas Lubitz, n'kupha anthu onse 150. Madokotala anali atamulembera kuti asagwire ntchito, iye n'kubisira abwana ake makalatawo. Phunziro limene akatswiri ambiri anatengapo silinali lothamangitsa aliyense wovutika maganizo, popeza kutero n'kuwonjezera obisa. Anaona kuti pafunika njira yoti munthu anene, athandizidwe, abwerere. Australia yakhala ikulola oulutsa omwa mankhwala ena a matenda a kukhumudwa kuyambira m'ma 1980, America kuyambira 2010.

Choncho dandaulo lakuti kunena zoona kumadula ndi lomveka, ndipo bungwe lathu la ndege liyenera kuliyankha pofalitsa poyera mndandanda wa madokotala ovomerezeka, mitengo yake ndi njira yochitira apilo. Koma kubisa sikupindula ngakhale pa masamu a wobisayo. Kunama pa fomu ndi mlandu wolanditsa layisensi, inshuwalansi itha kukana kulipira ngozi ikachitika, ndipo vuto limene likanaloledwa ndi malire ochepa limasanduka nkhani yosakhulupirika, imene ilibe mankhwala. Choipitsitsa, wobisa amaleka kupita kuchipatala poopa kusiya mapazi, ndiye matenda olamulirika aja amasanduka osalamulirika. Chamba ndi uchidakwa zili m'gulu lomweli, ndipo mankhwala azitsamba nawo ayenera kutchulidwa, chifukwa dokotala sangavomereze chimene sakudziwa mphamvu yake. Udindowu suthera pa tsiku loyezedwa: lamulo limati thanzi likasintha, woulutsa adziimitse yekha ngakhale chiphaso chisanathe. Mayi woyembekezera, mwachitsanzo, muyeso wa ICAO umamulola kuuluka kuyambira kumapeto kwa sabata la 12 mpaka la 26 ngati mimba ilibe vuto, ndipo wodziwa masabatawo ndi iye mwini.

Ndiyambire pati, poti ndalama n'zochepa?

Yambirani pa zotsika mtengo. Pitani pachipatala chapafupi mukayezetse BP, shuga, kuchuluka kwa magazi, mkodzo ndi HIV, ndipo zonse zilembedwe m'kabuku ndi tsiku lake. Ngati likodzo lapezeka, imwani mankhwala, mubwererenso kukayezetsa pakapita milungu ingapo kuti pakhale umboni woti latha. Funsani amayi, agogo kapena amalume za matenda a ubwana wanu, makamaka kukomoka ndi kuvulala m'mutu, ndipo tengani mabuku akale onse amene alipo. Mukatero lemberani a Malawi Civil Aviation Authority akuuzeni madokotala amene amawavomereza. Inu makolo, musagulitse malo, boti kapena ng'ombe kuti mulipire sukulu ya ndege mwana asanatenge chiphaso cha dokotala.